Moyo wa Manang Sorsing, Amene Anawerenga Jombo Pakhomo

Mwezi watha tinaika m'manda Consorcia Abellanosa, amene tonse pa parishi yathu ino ya mu Winnipeg tinkangowatchula kuti Manang Sorsing. Manang ndiye kuti achemwali aakulu, ndipo kwa ife Afilipino a kuno analidi achemwali a aliyense, ngakhale a anthu amene sankawafuna. Bambo Mfumu pondipatsa masamba a kalata ya parishi anandichenjeza kuti, "Mayi Pacita, mulembe za malemu, osati za anthu amene mumadana nawo." Ndayesetsa. Pamene ndalephera mundikhululukire, chifukwa ndinayenda nawo zaka zoposa makumi asanu, ndipo zina sindingathe kuzimeza.

Anabadwa m'chaka cha 1941, m'mudzi wa anthu opanga mchere pa chilumba cha Panay. Za ubwana wawo ankazifotokoza ngati munthu amene akunena maloto asanadzuke bwinobwino. Ankakumbukira mabwalo a mchere atayera mbee masana, bambo awo akukokolola mcherewo ndi mtengo wautali, mphepo yotentha ikusiya milomo ili gwa. Ankati masiku ena pansi ndi kumwamba pankayera mofanana, moti bambo awo ankaoneka ngati akuyenda m'malere.

Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi bambowo anamwalira. Amayi awo, atatsala ndi ana asanu ndi mmodzi, anapereka Manang kwa mayi wawo wa ubatizo wa mumzinda wa Iloilo, amene analonjeza kuwaphunzitsa sukulu. Sukuluyo ankangoionera pazenera. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anachapa, kukolopa, kuphika ndi kulera ana a eni, akugona pamphasa kuseri kwa masitepe, osalandirapo ngakhale khobidi. Kuwerenga anadziphunzitsa okha ndi buku la mapemphero, kusoka anaphunzirira pa zigamba. Ndipo nthawi zonse mayi ameneyo ankamutchula mwaulemu kuti, "Amene anandilera."

"Anakulerani, kapena anakudyerani masuku pamutu?" ndinkatero ine.

"Pasing, Pasing," ankandiyankha, pakuti ndi mmene ankanditchulira, "pakamwa pakopo Mulungu anapaumba Loweruka madzulo atatopa."

Tinadziwana m'ndege mu Novembala wa 1968, atsikana makumi atatu obwera kudzasoka zovala m'mafakitale a mzinda uno. Tsiku lachitatu tili kuno, tikutuluka kuntchito, chipale chofewa chinayamba kugwa. Enafe tinathamangira basi tikulira ndi kuzizira. Manang anaima pakati pa msewu atatukula nkhope, chipale chikutera pa nsidze zawo mwakachetechete, mpaka anatulutsa lilime n'kulawa. Atakwera m'basi anandinong'oneza kuti, "Mchere wa kuno ndi wosakolera." Sanadandaulepo za chisanu cha Winnipeg kuyambira tsiku limenelo.

Anasoka makolala a majekete zaka makumi atatu ndi zitatu pa makina amodzi, pafupi ndi zenera. Azing'ono awo onse asanu anaphunzira ndi thukuta lawo. Kwathu kunali mnyamata wina amene ankawalembera makalata, koma atatopa kudikira anakwatira msuweni wawo, ndipo diresi la ukwatiwo anasoka ndi Manang n'kulitumiza. Ine ndinawauza kuti akanasiyamo singano ziwiri zitatu. Anaseka mpaka misozi, ndipo sindinadziwe kuti yakuseka inathera pati. Misa ya m'mawa sankaphonya. Ankayenda wapansi ngakhale masiku amene mpweya umaumira m'mphuno, ndipo ankati munthu akapemphera m'chisanu amaona pemphero lake likukwera.

Mu 1979 anapita kwathu kukaika maliro a amayi awo, ndipo pobwera anafungata chifanizo cha Amayi Maria pamiyendo ulendo wonse. Apa ndi pamene unayambira mwambo umene ambiri a inu munakuliramo. Chifanizocho chinkakhala sabata imodzi m'nyumba iliyonse, mabanja makumi asanu ndi awiri pachaka. Loweruka masana tinkapita kukachitenga, ine pachiwongolero, iwo pambali. Tinkapemphera kolona ndi banjalo, kudya, kenako onse a m'nyumbamo ankatuluka kuperekeza Amayi Maria mpaka pagalimoto. Lamulo lake linali lakuti m'nyumba musatsale munthu. Agogo a ndodo ankatuluka, khanda linkatuluka litakulungidwa m'bulangete, ngakhale wachinyamata wamwano ankatuluka atakwinya nkhope. Manang ankadziwa khitchini iliyonse ya parishi ino, ndipo ankadziwa amene akudwala, amene achotsedwa ntchito ndi amene sakulankhulana, koma sizinkatuluka pakamwa pawo.

Sabata yachiwiri ya Januwale inali ya nyumba ina yaikulu ya m'mbali mwa mtsinje. Dzina la banjalo ndilisunga chifukwa ana awo alibe mlandu. Mayi wa m'nyumbamo tinkangowatchula kuti Adona. Ndi iwo anathandiza kwambiri pofolera denga la tchalitchi chino, ndipo pa phwando lililonse la parishi nkhumba yowotcha inkachokera kwawo. Ndisabise, ine ndinkaikonda sabata imeneyo chifukwa cha tebulo lake.

Mu Januwale wa 2009 tinapezamo munthu wachilendo, mayi wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, wowonda, wa maso oyang'ana pansi.

"Uyu ndi Nelfa, mwana wa msuweni wanga wa kumudzi," anatero Adona. "Kwawo kuli mavuto osaneneka. Ndinati abwere, tizidya zomwezi."

Tonse tinayamikira. Ndani mwa ife amene sanatengepo mbale wake kwathu, kapena kutengedwa? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, tinatero, uku tikudzaza mbale zathu ndi zakudya zimene Nelfa anaphika yekha. Iye sanakhale nafe patebulo. Pa kolona anagwada pakhomo la khitchini. Manang atapita kukathandiza kutsuka mbale, ine ndili m'mbuyo mwawo ndi makapu, Nelfa anamva kalankhulidwe kawo n'kuzindikira kuti ndi a chilumba chimodzi. Anawagwira mkono ndi manja onyowa.

"Manang, ndatopa," ananong'ona. "Ndimadzuka kusanache, ndimagona onse atagona. Palibe tsiku lopuma."

Manang anamusisita tsaya mwachikondi chenicheni, ndipo izi ndi zimene zimandipweteka. "Pirira, mwana wanga," anatero. "Inenso ndinakulira m'nyumba ya eni. Upereke zonse kwa Ambuye, ndipo uzithokoza, chifukwa si onse amene amapeza mwayi wobwera kuno."

Anamupatsa kolona yawo. Poperekeza chifanizo Nelfa anaima pakhomo atavala masilipasi, ndipo tinati ndi manyazi a mlendo.

Chaka chotsatira Nelfa anali atawonderatu. M'khitchini muja anafunsa funso limodzi lokha: "Manang, msewu uno dzina lake ndi chiyani?" Ine ndinaseka, ndikuvomera, ndinaseka kwambiri, kuti munthu chaka ndi theka osadziwa msewu wa kwawo. Manang anamufunsa chifukwa chimene sitimuonera ku Misa, koma asanatsegule pakamwa Adona anali atafika kale kumbuyo kwake. "Amapemphera ndi ya pa wailesi yakanema, mutu umamuvuta m'gulu la anthu." Funso lililonse lopita kwa Nelfa linkayankhidwa ndi Adona, ndipo ife tinkati ndi mayi wosamala.

Chaka chachitatu Manang anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, mawondo atayamba kukana. Nthawi yotuluka anakhala pa kabenchi ka pakhomo kuti avale jombo zawo pang'onopang'ono, enafe tisanatuluke ndi chifanizo. Mukudziwa mmene pakhomo pa nyumba ya kuno pamakhalira mu Januwale, jombo zili ndandanda pa kamphasa ka pulasitiki, zikhothi zili lende pakhoma. Telala sayang'ana chovala osayeza mwini wake. Anaona chikhothi cha bambo, cha Adona, ziwiri za ana. Anayang'ana pansi, kupatula zathu, jombo za anthu anayi. M'nyumbamo munali anthu asanu.

"Nelfa, jombo zako zili kuti?"

"Sakonda kutuluka ameneyu," anayankha Adona msangamsanga. "Amaopa kuzizira ngati mphaka."

M'galimoto Manang anafungata Amayi Maria. Titayenda ndithu anati, "Pasing, munthu angakhale nyengo zitatu za chisanu mu Winnipeg wopanda jombo?"

"Angakhale ngati ali m'manda kapena m'ndende," ndinatero, ndipo nditamva mawu anga omwe ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu.

Lolemba Manang anapita kwa Bambo Mfumu amene tinali nawo nthawi imeneyo. Anagwira njakata bambowo, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali denga la tchalitchi. Komabe anachita chinthu chabwino, anatipatsa nambala ya bungwe lothandiza anthu ozembetsedwa ndi ogwiritsidwa ntchito yaukapolo. Tinapita limodzi. Tinakumana ndi mayi wina wa tsitsi la imvi, wolankhula mofatsa, amene anatithirira tiyi n'kuyamba kufunsa.

"Mumamuona ali yekha, kapena nthawi zonse pamakhala womuyankhira? Pasipoti yake amasunga yekha? Malipiro amafika m'manja mwake? Ali ndi foni, amalankhula ndi akwawo popanda womvetsera? Amagona pati? Akafuna kutuluka pakhomo, amangotuluka? Anamulonjeza chiyani pomutenga, ndipo chinachitika?"

Ena mwa mafunsowo mayankho ake sitinkawadziwa. Koma Manang anaika kapu ya tiyi pansi.

"Mayi," anatero, "mukufunsa za Nelfa, kapena za ine?"

Kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akunena kuti "amene anandilera." Mayi wa bungwe uja anatilangiza kuti tisakakangane ndi eni nyumba, chifukwa wopwetekeka adzakhala Nelfa, ndiponso kuti tisamukoke. "Unyolo wa masiku ano suoneka ndi maso," anatero. "Amamanga munthu ndi mantha. Mukalankhule naye ali yekha, mumuuze kuti khomo lilipo. Kutuluka asankhe mwini wake."

Lachitatu masana, Adona ndi amuna awo ali kuntchito, ana ali kusukulu, tinapita. Chipale chinali chitagwa chatsopano, ndipo kuchokera kumsewu mpaka pakhomo panali mapazi a munthu mmodzi yekha, wobweretsa makalata. Manang anayang'ana, kenako anayamba kuponda m'mapazi momwemo kuti eni nyumba asadzaone kuti kunabwera mlendo. Mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona, kamayi kafupi kovala chikhothi chakuda, kakutambasula miyendo m'mapazi a mwamuna wamtali, dziko lonse lili mbuu, kulibe ngakhale mbalame yolira. Ine ndinatsatira chimodzimodzi, ndikung'ung'udza.

Anagogoda. Patapita nthawi tinamva masilipasi.

"Adona kulibe."

"Ndikudziwa. Ndine Manang Sorsing, ndabwerera iweyo. Tsegula."

"Kiyi amapita naye."

Chitsekocho chinali ndi kabowo kolowetsera makalata, m'munsi ndithu. Manang anagwada pa simenti yozizira n'kutukula kachivundikiro kake ndi chala.

"Nelfa, uli bwanji mmenemo?"

"Munati ndipirire, Manang. Ndikupirira. Mukufunanso chiyani?"

Ine mawu amenewo anandilasa, ngakhale sanali anga. Manang anatsamiritsa chipumi pachitseko.

"Ndinakunamiza, mwana wanga. Mtanda umenewu sanakusenzetse ndi Mulungu. Anakusenzetsa ndi anthu, ndipo ine ndinawathandiza kuukhomera. Ndabwera kudzanena zimenezi."

Kenako mawu a Nelfa anayamba kutuluka pa kabowo kaja pang'onopang'ono, pamodzi ndi mpweya wofunda wa m'nyumba. Sanali mwana wa msuweni wa aliyense. Adona anamulonjeza ntchito yosamalira okalamba ndi malipiro okwanira kuphunzitsa ana ake awiri. Pasipoti anamulanda tsiku lofika, akuti ingatayike. Malipiro ankati akutumiza okha kumudzi. Ankagona m'chipinda chochapira zovala cha pansi pa nyumba. Anamuuza kuti mapepala ake anatha kalekale, ndipo akangoonekera pamsewu apolisi amutsekera. Chachikulu chinali chakuti amayi ake ndi ana ankalima munda wa mchimwene wa Adona.

"Ndikatuluka muno, amayi anga akalima kuti?" anafunsa.

Ndinadikira kuti Manang atchule vesi, pakuti anali ndi vesi la chilichonse. Iwo anangoti, "Sindikudziwa. Ndikafunsa, ndibwere Lachitatu."

Anabwera Lachitatu limenelo, ndi linalo, masabata khumi ndi imodzi. Ankatenga zinthu zokwana pa kabowo: mango ouma, kapepala kolembedwa dzina la msewu ndi nambala ya basi yodutsa pamenepo, mapu a dera lonselo amene anajambula pa pepala lodulira zovala. Ankabweretsa mayankho a bungwe lija, kuti munthu wozembetsedwa si wolakwa pamaso pa malamulo, kuti pali nyumba yobisika yofikirako, kuti pali njira yoti akhale kuno ndi kugwira ntchito yolandira m'manja mwake. Masiku ena Nelfa sankayankha n'komwe. Pamenepo Manang ankangomuuza za kunja, kuti mtsinje waundana mpaka anthu akuyendapo, kuti dzuwa lero lili ndi mkombero, kuti pa mtengo wa pakona patera timbalame tofiira. Ankalankhula motsitsa ngati akugoneka mwana, mawondo ali pa simenti.

Ine mtima unkandipsa. "Manang, tiyeni tingoswa zenera timutulutse, zinazo tidzaziona kutsogolo!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Pasing. Moyo wake wonse anthu akhala akumuchitira zinthu osamufunsa. Ife tisakhale ena."

Lachitatu lachisanu ndi chinayi, pa kabowo panatuluka pepala lopinda. Linali ndi chithunzi cha phazi, lozunguliridwa ndi pensulo. Manang analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo tsiku lomwelo tinakagula jombo.

Nelfa anatuluka mu Epulo, chipale chikusungunuka, madzi akuyenda m'mbali mwa misewu ngati akuyimba. Tinali ndi mayi wa bungwe uja ndi apolisi awiri. Chitseko chitatsegulidwa Nelfa anavala jombozo, natsika masitepe atagwira khoma, ndipo atafika pabwalo anayang'ana kumwamba n'kudzandira, pakuti anali ataiwala kukula kwa thambo. Manang anatambasula manja. Nelfa anawadutsa ngati akudutsa mtengo, ndipo polowa m'galimoto ya bungwe anatembenuka n'kunena kuti, "Musanditsatire."

"Wosayamika!" ndinatero ine.

"Khala chete," anatero Manang, ndipo aka kanali koyamba kundikalipira. "Adona anamulanda pasipoti. Ine ndinamulanda zaka ziwiri."

Zotsatira zake ambiri mukuzikumbukira, ndipo ena mukanakonda kuti ndisalembe. Nkhani itapita kukhoti parishi inagawanika. Kunamveka mawu akuti Manang achititsa manyazi anthu a mtundu wathu pamaso pa eni dziko, kuti nkhani za m'banja zimathera m'banja, kuti nkhalamba yosakwatiwa imachita nsanje ndi nyumba za anzake. Mabanja olandira chifanizo anatsika kuchoka pa makumi asanu ndi awiri kufika pa khumi ndi asanu ndi anayi. Pamapeto pake komiti ya parishi inathokoza Manang ndi maluwa n'kuwauza kuti akalamba, apume. Chifanizo chimene anachifungata kuchokera kwathu anachipereka ndi manja awiri, atachisokera chovala chatsopano. Pa benchi yawo ya kutsogolo anthu anayamba kusiya mpata mbali zonse ziwiri. Manang sanayankhepo munthu aliyense. Ine ndinayankha m'malo mwawo, ndipo ndinalapa kale zimenezo, zina mwa izo.

Chimene chinkawadya sichinali miseche. Chinali Nelfa. Tinamva kuti amayi ake anawachotsadi pamunda paja, koma iye anayamba ntchito pa chipatala china mumzinda wa Brandon, nawapezera pokhala, ndipo patapita zaka anaitanitsa ana ake. Tinamvanso kuti tchalitchi anasiya. Manang anamulembera kalata imodzi yopepesa kudzera ku bungwe lija. Yankho silinabwere, ndipo sanalembenso.

"Lembaninso," ndinkawakakamiza.

"Kukhululuka ndi kwake, Pasing. Sindingamulandenso chimenecho."

Tsiku lililonse ankamutchula m'pemphero, iye ndi ana ake, ndipo ankanena poyera kuti akuopa kukaonekera kwa Mulungu ndi mlandu wa munthu amene anasiya kupemphera chifukwa cha iwo. Zimenezi zinali pamtima pawo zaka khumi ndi zitatu.

Mitima ya anthu inabwerera pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, popanda wopepesa. Achinyamata amene amayenda ndi chifanizo masiku ano anapita okha kwa Manang kukafunsa, ndipo anawauza zochepa. Anati mukalowa m'nyumba mupatse moni munthu aliyense payekha, mumufunse dzina, ndipo mudikire kuti ayankhe ndi pakamwa pake. Anatinso, "Munthu akakuuzani kuti watopa, musathamangire kumuuza kuti apirire. Yambani mwafunsa kuti chamutopetsa n'chiyani." Ndikudziwa nyumba ziwiri, ina si ya Afilipino n'komwe, zimene mawu amenewa anatsegula.

Zaka zitatu zomaliza Manang anakhala ku nyumba yosamalira okalamba, maso atachita khungu. Masiku ndi zaka zinayamba kusakanikirana mwa iwo mokoma. Mvula ikamagwa padenga ankati ndi makina a ku fakitale, ndipo ankapondaponda ndi phazi pansi pa bulangete. Ankandiuza kuti atsikana amene tinabwera nawo m'ndege, amene ambiri anatsogola kale, akhala pa benchi m'khonde atavala madiresi awo opyapyala, akudikira basi, ndipo akuwasungira malo. Anamwino ankawakonda chifukwa aliyense wolowa ankamufunsa dzina, kwawo, ndi ngati wadya.

Mu Seputembala analeka kudya. Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza, analandira Ukaristia, ndipo ine, osawauza, ndinaimba foni ku bungwe lija n'kusiya uthenga. Sindinkayembekeza kanthu.

Linali Lachisanu masana, masamba a mitengo ya panja atasanduka achikasu, dzuwa likulowa pazenera n'kugona pa bedi. Ndinali nditakhala pambali ndi kolona pamene chitseko chinatseguka. Analowa mayi wonenepa bwino, wa imvi zapatalipatali, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinamuzindikira ndi maso okha, ngakhale tsopano sankayang'ananso pansi.

"Ndani?" anafunsa Manang.

"Ndine Nelfa."

Manja a Manang anayamba kufufuza pa bulangete. Nelfa anaima kumiyendo kwa bedi osayandikira.

"Sindinabwere kudzapemphera, Manang."

"Palibe kanthu."

"Ndinakukwiyirani kuposa Adona. Iwo aja ndinkadziwa kuti ndi adani. Inu ndinakukhulupirirani."

"Unachita bwino kukwiya, mwana wanga."

Masamba ankakwecha pazenera. Kenako Nelfa anakoka mpando, nakhala, n'kugwira dzanja lija linkafufuza.

"Mawondo aja anachira?" anafunsa. "Ndinkakumvani mukubuula podzuka pa simenti paja. Sabata iliyonse ndinkati nkhalamba iyi Lachitatu likubwerali sibweranso."

"Sanachire," anatero Manang akumwetulira. "Wabwera ndi ndani?"

"Ndekha. Ndayendetsa maola awiri ndi theka."

"Wapempha kwa ndani?"

"Kwa ndaninso? Ndangodzuka, ndavala, ndanyamuka."

"Ubwerera liti?"

"Ndikafuna."

Manang anaseka, kuseka kwa kamtsikana, kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. "Nenanso," anatero.

"Ndikafuna, Manang."

Anatseka maso nkhope ili ngwee, ndipo anagona. Nelfa sanachotse dzanja lake. Anayamba kuwauza motsitsa za ulendo wake, kuti minda ya tirigu akolola kale, kuti atsekwe akuuluka m'mizere kulowera kumwera, kuti mwana wake wamkazi akumaliza maphunziro a unamwino. Sindikudziwa kuti Manang anamva mpaka pati. Mpweya wawo unkatalikirana pang'onopang'ono, ndipo nthawi ina dzuwa lisanachoke pa bedi ndinazindikira kuti ndikudikira mpweya umene sukubweranso. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zitatu.

Ndinayamba pemphero la omwalira. Nelfa sanayankhire. Anawatseka pakamwa bwinobwino monga amachitira anthu a kuchipatala, nawakonza tsitsi, n'kukhalanso pansi. Namwino atalowa anatiuza mwaulemu kuti achibale okha ndi amene angatsale pokonza thupi, ndipo anafunsa Nelfa kuti ndi ndani wawo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhire, koma ndinadzigwira.

"Ndine mwana wawo," anatero Nelfa. "Nditsala."

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo ife otsala atitsegule maso tikadali ndi nthawi yogwada pakhomo la mnzathu.